Makalata Anu: Tikiti, Kandege ndi Ngongole za Kubetcha

WOULUTSA: Sabata yatha tinakamba za juga, ndipo makalata ndi mauthenga a pafoni abwera ochuluka moti sitingathe kuwerenga onse. Muno ndili ndi aphungu athu, amene amathandiza anthu ovutika m'maganizo. Maina a olemba sititchula, monga tinalonjezera.

APHUNGU: Tiyeni tiyambepo.

WOULUTSA: Yoyamba yachokera ku Msaka. Akuti: "Ndine mlovi pa chilimira. Mpira wa ku England ndimaudziwa kuposa anzanga onse padoko. Loweruka lililonse ndimaika matimu 10 pa tikiti, koma kawirikawiri timu imodzi yokha ndiyo imandiwotchera. Ndiuzeni kasankhidwe kabwino, chifukwa ndikuona kuti ndatsala pang'ono."

APHUNGU: Achimwene a ku Msaka, sindikukayika kuti mpira mumaudziwa. Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti mwasankha matimu amphamvu okhaokha, oti iliyonse imapambana masewero 7 pa 10. Kuti onse 10 apambane tsiku limodzi, zimachitika pafupifupi katatu pa matikiti 100. Koma kuti 9 apambane, imodzi yokha ikugwetseni, zimachitika pafupifupi ka 12 pa matikiti 100 omwewo. Ndiye kuti tikiti yopsa ndi timu imodzi imabwera kanayi kuposa tikiti yodya. Chimene mukuchitcha kutsala pang'onocho ndi m'mene masamu a tikiti yaitali amayendera, ndipo ndi chomwecho chimene chimakubwezani kukauntala Loweruka lotsatira.

Chinanso, ma odds amene kampani imaika amakhala atadulidwa kale phindu lake. Ngati pa sewero lililonse yadula K5 pa K100, mukalumikiza masewero 10 kudulako kumaunjikana mpaka kufika pafupifupi K40 pa K100. Mwini chilimira sadandaula usipa wowerengeka ukapulumuka pa maso a ukonde. Kampani nayonso sidandaula mmodzi akawina, imamujambula n'kumuika pachikwangwani.

Kasankhidwe kogonjetsa masamu amenewa ine ndilibe. Chimene ndingakupatseni ndi ichi: mukalandira gawo lanu padoko m'mawa, yambani mwachotsa ya ufa, ya ndiwo, ya nyumba ndi yosunga. Inu mukudziwa kuti mwera ukayamba kuomba cha mu Juni mabwato amagona pamchenga masiku angapo. Ngati pali yotsala ndipo mwasankha kubetcha, ikhale ndalama yoti mwaitsanzika kale, yoikiratu malire musanalowe m'shopu. Ikatha, yatha.

WOULUTSA: Ndiye kuti simukuwauza kuti asiye?

APHUNGU: Akanandifunsa maganizo anga, ndikanati ndalama ya mlovi ndi yowawa kwambiri kuti ikathere pa Arsenal. Koma ndi munthu wamkulu, ndipo lamulo limamulola. Ine ndimaopa tsiku limene adzabetche kuti abweze zimene analuza dzulo. Anthu amene amafika kwa ine atagulitsa injini kapena njinga, pafupifupi onse anayambira pamenepo.

WOULUTSA: Uthenga wotsatira ndi wa mnyamata wa kabaza pa Boma ku Mangochi. Akuti pali munthu pa WhatsApp amene akugulitsa pulogalamu yolosera nthawi imene kandege kaphulike, ndipo akufunsa ngati agule.

APHUNGU: Asagule. Munthu amene akudziwadi nthawi imene kandege kagwe sangavutike kugulitsa chinsinsicho kwa wakabaza. Masewera a kandegewa, otchedwa Aviator, amayendetsedwa ndi kompyuta imene imatola nambala mwachisawawa, ndipo ulendo wapitawo suuza kanthu za ulendo ukubwerawo. Kakagwa msanga kasanu motsatizana, sizitanthauza kuti kachisanu ndi chimodzi kauluka patali. Kampani imene inapanga masewerawa, Spribe, imanena yokha kuti pa K100 iliyonse yobetchedwa, K97 ndiyo imabwerera kwa osewera onse pamodzi. K3 ikuoneka yochepa, koma ulendo umodzi umatha m'masekondi. Mukamabetcha K1,000 maulendo 100 usiku umodzi, mwazunguza K100,000, ndipo mwa chiwerengero mwasiya K3,000 kumeneko ngakhale tsiku limene mwayi sunakuthaweni. Kandege kamandidetsa nkhawa kuposa mpira pa chifukwa chimenechi: mpira umakupatsa mphindi 90 zoti mtima uzizire, pomwe kandege kali m'thumba, kolumikizana ndi Airtel Money kapena Mpamba, usana ndi usiku.

WOULUTSA: Tsopano kalata yaitali, ya amayi a ku Makawa. Ndiwerenga mbali yake. "Amuna anga amagula nsomba zouma n'kukagulitsa ku Limbe. Chaka chatha anandiuza kuti mpamba waduka chifukwa nsomba zinaonongeka panjira. Ndinakatenga ngongole ku banki m'khonde m'dzina langa. Pambuyo pake ndinapeza mauthenga a kubetcha m'foni mwawo. Pano kwabwera munthu wa katapila akufuna mbuzi zathu. Analira, analumbira kuti sadzayambiranso. Aka ndi kachitatu. Kodi ndibweze ngongoleyi kuti anthu asatiseke?"

APHUNGU: Pepani, amayi. Choyamba mumve ichi: simunalakwe kuwakhulupirira amuna anu. Kunama pa za ndalama ndi chimodzi mwa zizindikiro za vutoli, monganso kubetcha ndi ndalama yongongola, kuonjezera ndalama yobetchera kuti mtima ugunde ngati kale, ndi kuyesa kusiya n'kulephera. Misozi yawo ingakhale yoona ndithu. Koma lumbiro lachitatu, ngati palibe chimene chasintha pa kagwiridwe ka ndalama, lidzatha monga awiri aja.

Za ngongole, tisiyanitse. Ya ku banki m'khonde ili m'dzina lanu, ndipo amayi anzanu aja anaikamo ndalama zawo. Pitani mukawauze zoona, mupemphe kubweza pang'onopang'ono. Ya katapila ndi ya amuna anu. Mukaibweza inu mwakachetechete, iwo aphunzira kuti dzenje likakumbidwa pali wokwirira, ndipo wakatapilayo aphunzira kuti pakhomo panu pamatuluka ndalama. Akakumane naye okha, pamaso pa mboni, zilembedwe kuti anatenga zingati ndipo abweza motani. Munthu akabwera kudzakoka mbuzi mwa mphamvu kapena kukuopsezani, imeneyo ndi nkhani ya amfumu ndi apolisi.

Kenako ndalama za pakhomo zichoke m'manja mwawo kwa kanthawi. Za fizi ndi za chakudya zikhale pa nambala yanu, PIN musinthe. Akapita ku Limbe, wogula azitumiza ndalama kwa inu, iwo atsale ndi ya thiransipoti ndi chakudya. Ndikudziwa kuti kwathu kuno mwamuna kuuzidwa zimenezi ndi mkazi n'zolemera, n'chifukwa chake musazinene muli awiri usiku mutakangana. Itanani ankhoswe a mbali zonse. Ngati amalemekeza ashehe kapena abusa, aitanidwe, bola akhale munthu wodziwa kusunga chinsinsi. Mwamuna amene akufunadi kusiya amavomera zimenezi, ngakhale monyinyirika, ndipo ambiri pambuyo pake amanena kuti anapepukidwa.

Mwatchula zoti anthu akusekani. Amayi, wakatapila wafika kale pakhomo, anansi aona. Chinsinsi chimene chatsala chikuteteza juga yokha. Ndipo ngati nkhani ya ndalama ikubweretsa kumenya, musadikire ankhoswe, pitani ku Victim Support Unit pa polisi imene muli nayo pafupi.

WOULUTSA: Iyi yachokera ku Namwera, ndipo ndiwerenga mofatsa. "Asalaam aleikum. Ndinagwira ntchito ku Joni zaka zingapo. Ndalama ya malata imene ndinabwera nayo yonse yapita pa foni. Kumzikiti ndinasiya kupita chifukwa cha manyazi, poti chipembedzo chathu chimaletsa juga. Usiku sindigona. Nthawi zina ndimaganiza kuti banja langa lingapume nditachoka padziko."

APHUNGU: Waaleikum salaam, bambo. Mwachita bwino kulemba. Mawu anu omalizawo ndawamva, ndipo ndikuyankha amenewo poyamba. Maganizo ofuna kudzipha amawafikira anthu ambiri amene juga yawapanikiza ndi ngongole ndi manyazi, ndipo amachepa munthu akathandizidwa. Usiku uno musagone nokha ndi nkhaniyi. Uzani munthu mmodzi, mkazi wanu, mchimwene wanu kapena mjomba, mawu omwewa amene mwatilembera. Ngati m'nyumba muli mankhwala a mbewu kapena a makoswe, auzeni awachotse. Mawa m'mawa pitani naye munthuyo kuchipatala chimene muli nacho pafupi, kapena ku chipatala chachikulu cha Mangochi, mukafunse wa zaumoyo wa m'maganizo. Mukafika nenani mosabisa kuti mukuganiza zodzipha, musangoti mutu ukuwawa. Maganizowo akakula usiku, musadikire kuti kuche.

Anthu ena amaopa kuti akangotchula za maganizo atumizidwa ku Zomba Mental Hospital. Ambiri amathandizidwa pa chipatala cha boma lawo n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Bungwe la World Health Organization linaika vuto la juga m'ndandanda wake wa matenda, umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, pafupi ndi mavuto a mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Piritsi lochotsa chilakolako cha juga lokhalokha simukalipeza. Chimene chimathandiza ndi uphungu wobwerezabwereza, ndipo ngati pali matenda a kukhumudwa, kusowa tulo kapena mowa, zimenezo zili ndi chithandizo chake. Amene angathe kuyenda, a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amathandiza anthu amene agwidwa ndi zizolowezi zovuta kusiya.

Pali zina zoti muchite ndi manja anu sabata ino. Lemberani kampani imene mumabetchako kuti itseke akaunti yanu. Kufufuta pulogalamu pafoni kokha sikukwanira, imabwerera m'mphindi ziwiri. Foni yaikuluyo muisiye kwa mkazi wanu kwa miyezi ingapo, inu mugwire kafoni ka mabatani kopanda ndalama. Ndalama ya malata ija muiwerenge kuti inapita. Ndikudziwa kuti mawu amenewa akuwawa, koma kufuna kuibweza kudzera pafoni yomweyo ndiko kungakulandeni ndi malo omwe. Za kumzikiti, bwererani Lachisanu likubwerali. Ashehe amene ndagwira nawo ntchito m'boma lino sanathamangitsepo munthu wobwera kudzapempha thandizo.

WOULUTSA: Bambo a ku Namwera, tikupempha mutilemberenso sabata yamawa kuti timve m'mene mwayendera. Nthawi yatsala pang'ono, aphungu. Agogo ena a ku Malindi akuti mdzukulu wawo wa zaka 15 amabetcha ndi foni yawo, ndipo akuti pali shopu ina imene imalola ana asukulu kulowa.

APHUNGU: Lamulo la dziko lino sililola munthu wosafika zaka 18 kubetcha. Amene amapereka ziphaso kwa makampaniwa ndi kuwayang'anira ndi a Malawi Gaming and Lotteries Authority, MAGLA, bungwe limene linabwera ndi lamulo la 2022. Shopu yolola ana ikanenedwe kumeneko, komanso kupolisi ndi kukomiti ya sukulu. Koma agogo ayambire pafupi. Akauntiyo iyenera kuti inatsegulidwa ndi nambala yawo, mwinanso ndi chiphaso chawo cha unzika, choncho apite ndi munthu wamkulu wodalirika akaitseketse ndi kusintha PIN, ndipo asamatumenso mwanayo kwa ejenti kukatapa ndalama. Asamukwapule. Amufunse kuti anayamba liti, anamuphunzitsa ndani, ndipo ali ndi ngongole kwa yani, chifukwa ana ambiri otere amakhala akubisa ngongole kwa anzawo akuluakulu. Akafuna wolankhula naye, nambala ya 116 ya Tithandizane ndi yaulere, ndipo mwanayo angathe kuimba yekha.

WOULUTSA: Makalata a ku Chembe ndi ku Chimwala tiwerenga sabata yamawa, pamodzi ndi funso la amayi ena lokhudza chipereganyu chimene msungichuma wake anabetchera ndalama za gulu. Pitirizani kulemba, ndipo amene simukufuna kuti titchule ngakhale dera lanu, nenani pamwamba pa kalatayo.