Thumba la Njuga Lisakhudze Thumba la Feteleza

Kalata yoyamba imene inawerengedwa pa wailesi tsiku lina madzulo inachokera kwa Kasakula m'boma la Ntchisi. Mnyamata wina atagulitsa soya anapatula K60,000 yosewerera poker pa foni. Pa tebulo lolowera K2,000 zinkamuyendera bwino, ndiye anafunsa kuti: "Kodi ndisamukire pa tebulo la K20,000 kuti ndizidya zambiri?"

Katswiri wa zachuma amene anali mu situdiyo anayamba ndi masamu. "Achimwene, K60,000 pa tebulo la K20,000 ndi maulendo atatu okha. Makadi akakana, ngakhale kadaulo amadyedwa katatu motsatizana." Anafotokoza kuti odziwa poker sakhala pa tebulo ngati thumba lawo silingalipire ndalama yolowera ka 20 kapena kuposa apo. Choncho tebulo limene mnyamatayo akulisirira likufuna K400,000. Pamene ali panopa m'poyenera, ndipo thumba likatsika kufika pa K40,000 abwerere pa tebulo laling'ono mosachita manyazi.

Anapereka zitsanzo ziwiri za ku America. Chris Ferguson, amene anapambana mpikisano waukulu wa World Series of Poker mu 2000, anayesa mu 2006 kuyamba wopanda ndi tambala yomwe. Lamulo lake linali losaika pa tebulo limodzi ndalama zoposa 5 pa 100 iliyonse ya thumba lake, ndipo mu 2007 anafika pa madola 10,000. Archie Karas anafika ku Las Vegas mu 1992 ali ndi madola 50, n'kukwera mpaka madola 40 miliyoni. Iye sankatsika, ankangokweza, ndipo mu 1995 zonse zinapita.

Kalata yachiwiri inali ya mayi wina wa ku Dowa. Amuna awo anatenga ngongole ku banki m'khonde, akuti akabweze ndalama ya feteleza imene inadyedwa pa njuga. Apa mawu a katswiriyo analemera. "Mayi, pepani. Ndalama ya feteleza, ya fizi kapena ya ngongole si mpamba wa njuga. Munthu amene akuthamangitsa zimene wadyedwa saganizanso bwino, ndipo mathero ake ndi katapila." Anawalangiza kuti akhale pansi ndi ankhoswe nkhaniyi isanakule, komanso kuti ndalama za ulimi zisamakhale mu foni yomwe bamboyo amabetchera.

Womvera wachitatu anafunsa ngati malamulo omwewa angamuthandize pa masewera a Aviator ndi pa kubetcha mpira. Yankho linali lachindunji. Pa poker munthu amalimbana ndi anthu anzake, choncho luso lili ndi gawo lake. Pa Aviator ndi pa kubetcha mpira amalimbana ndi kampani, ndipo masewerawo anakonzedwa kuti pakapita nthawi kampaniyo izitsala ndi phindu. Kugawa ndalama mosamala kumangochedwetsa kutha kwake.

Nthawi itatsala pang'ono, katswiriyo anakumbutsa kuti bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, lomwe linabwera ndi lamulo la 2022, ndilo limapereka ziphaso kwa makampani a masewerawa, ndipo mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kubetcha. Anapemphanso mnyamata wa kwa Kasakula uja kuti agule kope, azilembamo zimene wadya ndi zimene wadyedwa kwa miyezi itatu, kenako adzalembenso kalata.