Fizikisi ya m'khitchini: makina ogaya nyama opukusa pamanja



Pa Idi ya nsembe nyama imachuluka pakhomo kuposa masiku onse. Ina timagawira achibale, ina osowa, yotsalayo amayi amafuna igayidwe kuti apangire samusa. Apa m'pamene makina akale aja, opukusa pamanja, amatulutsidwa m'kabati. Chaka chatha kwathu ntchitoyi inagwera mwana wa mchemwali wanga. Anapukusa thukuta lili kamukamu, tebulo likugwedezeka, koma chotuluka chinali phala la nyama. Mayi ake anati, "Iwe, nsima umadyera chiyani?" Nditamasula makinawo ndinapeza mpeni wobuntha, komanso wovekedwa chotembenuza. Mnyamatayo analibe mlandu.

Phunziro lathu lagona pamenepa. Makinawa akamalimba, kawirikawiri vuto silikhala m'mikono ya wopukusa koma m'kapangidwe ndi kamangidwe kake. Fizikisi yomwe timaphunzira m'kalasi ndi yokwanira kutiuza poyenera kusintha, komanso chimene timataya pa kusintha kulikonse.

Ziwalo zisanu

Mukamasula makinawa mupeza ziwalo zisanu. Pali thupi lachitsulo lokhala ndi kukamwa koponyera nyama. M'kati mwake mumazungulira sikuluwu yaikulu yomwe imakankhira nyama kutsogolo. Kumapeto kwa sikuluwuyo kumakhala mpeni wa nthambi zinayi, ndipo mpeniwo umatsamira pa puleti ya mabowo. Mphete yopotera imagwira zonsezi pamodzi. Kumbuyo kuli handulo, imene tingaiwerenge pamodzi ndi sikuluwu chifukwa zimazungulira limodzi.

Nzeru zimenezi n'zakale. Sikuluwu yonyamula zinthu m'kati mwa mpope imadziwika ndi dzina la Archimedes wa ku Syracuse, amene anamwalira m'chaka cha 212 BC. Katswiri wa makina al-Jazari, m'buku lake la m'chaka cha 1206, anajambula makina otungira madzi oyendera mkono wopukusa. Makina ogaya nyama enieniwo anabwera m'zaka za m'ma 1800, ndipo amene amatchulidwa kawirikawiri kuti anawayambitsa ndi Karl Drais wa ku Germany, yemweyo amene mu 1817 anapanga kholo la njinga yakapalasa. Kampani ya Enterprise ya ku Philadelphia inawafalitsa kwambiri, ndipo manambala a saizi omwe timawaona pathupi la makina, monga 10, 12, 22 ndi 32, akugwirabe ntchito mpaka lero.

Kusintha koyamba: mpeni ndi puleti

Ambiri amaganiza kuti nyama imagayika chifukwa chofinyidwa. Ayi ndithu. Sikuluwu imangolowetsa nyama m'mabowo, ndipo mpeni ukamadutsa pakamwa pa bowo umadula kachidutswako monga momwe sizasi imadulira nsalu. Sizasi yokhwepa imatafuna nsalu m'malo modula. N'chimodzimodzi pano: pakakhala kampata pakati pa mpeni ndi puleti, mitsempha imakulungana pampeni, mabowo amatsekeka, handulo n'kuyamba kulemera.

Mbali yafulati ya mpeni, yomwe ili ndi mano akuthwa, iyenera kuyang'ana puleti. Ponola, musapite nazo pa galayindala monga timachitira ndi chikwanje, chifukwa zimataya ufulati wake. Yalani sandipepa wosalala, wonyowetsa, pagalasi lochindikala. Gonekani puleti pamenepo n'kumaiyendetsa ngati mukulemba nambala 8 mpaka nkhope yonse iwale mofanana. Chitani zomwezo ndi mpeni. Ziwirizi zinolereni limodzi, ndipo pogula zatsopano zigulireninso limodzi.

Kumbuyo kwa sikuluwu kumakhala kawashala. Kakadyeka, sikuluwu imabwerera m'mbuyo ndipo mpeni umasiyana ndi puleti ngakhale mutamanga mphete bwanji. Kawashala katsopano ka nayiloni kapena ka mkuwa ndi kotsika mtengo, koma kamadzutsa makina omwe munali mutawataya kale. Mphete imangidwe mpaka handulo iyambe kumveka kulimba pang'ono pamene mulibe nyama. Mukapitirira apo, zitsulo zimadyana ndipo mumaona timadontho takuda m'nyama.

Mukamapita kumasitolo a zitsulo ku Old Town, nyamulani puleti yakaleyo. Ya saizi 10 ndi 12 ndi yotambalala mamilimita pafupifupi 70, ya 22 pafupifupi 83, ya 32 pafupifupi 100. Kuyeza ndi maso kumanamiza.

Kusintha kwachiwiri: kukula kwa mabowo

Bowo la mamilimita 8 lili ndi malo okwana masikweya milimita pafupifupi 50. La mamilimita 4 lili ndi pafupifupi 12.6 okha. Taonani: m'lifupi mwachepa kawiri, koma malo odutsa nyama achepa kanayi. Pa puleti ya timabowo ting'onoting'ono nyama imakhudza chitsulo malo ambiri, kukhuzana kumakula, ndipo mpeni umadula kambirimbiri pa kuzungulira kumodzi. Zonsezi zimatuluka m'mkono wanu.

Choncho amene akufuna nyama yosalala ya samusa asayambire pa puleti ya timabowo. Agaye kaye ndi ya mabowo aakulu, kenako abwereze ndi yaing'ono. Maulendo awiri opepuka amatha msanga kuposa ulendo umodzi woimaima n'kumamasula makina. Kukhala ndi mapuleti awiri n'kusintha kosafuna mmisiri.

Kusintha kwachitatu: kutalika kwa handulo

A Fomu 3 ndi 4, apa tcherani khutu, chifukwa mfundo iyi imabwera pamayeso a MANEB. Mphamvu yozungulitsa chinthu, imene m'kalasi timaitcha moment, timaipeza pochulukitsa mphamvu ya dzanja ndi kutalika kwa handulo.

Tiyerekeze kuti sikuluwu ikufuna 10 Nm kuti izungulire. Handulo ikakhala ya masentimita 20, dzanja liyenera kukankha ndi 50 N, pakuti 50 × 0.2 = 10. Mmisiri wowotcherera akaitalikitsa kufika masentimita 30, dzanja lingofunika 33 N. Ntchito yapepuka ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Koma fizikisi sipereka chaulere. Ndi handulo yaifupi dzanja limayenda mamita 1.26 pa kuzungulira kumodzi, pomwe ndi yaitali limayenda mamita 1.88. Chulukitsani mphamvu ndi mtunda mbali zonse ziwiri, mupeza pafupifupi 63 J. Ntchito sinachepe, yangomwazika pamtunda wautali. Palinso malire. Handulo ikatalika kwambiri imagunda tebulo, phewa limatopa, ndipo munthu wamphamvu angathe kuthyola msomali wa sikuluwu fupa likakodwa m'kati, popeza samamva msanga kuti china chake chatsekereza.

Chogwirira chathabwa chizizungulira chokha pa msomali wake. Chikauma n'kumamatira, chikhatho chimachita matuza.

Kusintha kwachinayi: pomangira

Moment yomwe mumaika pa handulo imafunanso kuzungulitsa makina onse. N'chifukwa chake makina omangira m'mphepete mwa tebulo ndi chopanira chimodzi amapendama, ndipo mphamvu zanu zina zimathera pogwedeza tebulo. Amene anapanga makinawa anaziona kale izi. Saizi 10 ndi 12 zimagwiritsa ntchito puleti yofanana, koma 10 ndi yopanira pamene 12 ili ndi miyendo yomangira mabawuti.

Ngati anu ndi opanira, ikani kathabwa kolimba pansi pa tebulo ndi kachidutswa ka labala pamwamba kuti asatererereke. Ngati ali ndi miyendo, amangeni ndi mabawuti anayi pathabwa lochindikala. Msinkhu wabwino ndi woti pakati pa handulo pakhale chapafupi ndi chigongono cha wopukusa ataimirira, kuti thupi lonse lizithandiza mkono.

Kusintha kwachisanu: magiya a njinga

Pa nyama yambiri, monga ya gulu lonse, handulo yokha sikwanira. Amisiri a njinga ndi owotcherera a ku Malangalanga ali ndi zipangizo zonse zofunika. Giya yaikulu ya njinga, ya mano 44, imangidwe ku sikuluwu. Yaing'ono, ya mano 18, ikhale ku handulo, ndipo tcheni chilumikize ziwirizi. Gawani 44 ndi 18, mupeza 2.4. Dzanja lizikankha ndi mphamvu yochepa ka 2.4, koma lizizungulira ka 2.4 kuti sikuluwu izungulire kamodzi. Lamulo ndi lomwe lija la handulo, langovala malaya ena.

Tcheni chimakokera sikuluwu kumbali, choncho pafunika beringi yogwira msomali kuti thupi la makina lisadyeke mbali imodzi. Tcheni chivindikiridwe ndi lata, kuopa kukola mpango kapena mkono wa malaya, komanso kuti girizi asadonthere m'chakudya.

Kusintha kumene kumawononga

Si kusintha konse kumene kuli kwabwino. M'kati mwa thupi la makina muli mizera yotukuka. Wina angaganize zoipala kuti mukhale mosalala, koma mizerayo ndi imene imaletsa nyama kuzungulira limodzi ndi sikuluwu. Mukaichotsa, nyama izingovina malo amodzi osapita kutsogolo.

Musapake penti m'kati, musamate ming'alu ndi mtovu, ndipo musathire girizi wa galimoto pamalo okhudza nyama. Mafuta ophikira ndi okwanira.

Choopsa kuposa zonse ndi kumangirira mota ku makina omwe anapangidwira manja. Kukamwa kwake n'kwakufupi ndiponso kotakasuka, moti zala zimafika pa sikuluwu. Popukusa pamanja, chala chikakhudzidwa dzanja linalo limaima lokha. Mota simva kukuwa. Ngakhale pa makina apamanja, wopukusa ndi woponya nyama akhale munthu mmodzi, kapena woponyayo agwiritse ntchito kamtengo kokankhira. Mmisiri wa malata angathe kuwonjezera khosi lotalika kuposa zala, lokhala ndi thireyi pamwamba. Makolo, chonde ana aang'ono asayandikire, pakuti chala sichimera kawiri.

Nyama, kutentha ndi ukhondo

Makina abwino amafunanso nyama yokonzedwa bwino. Chotsani mafupa ndi mitsempha yolimba, ndipo dulani nyama m'mizere yolowa kukamwa mosakakamiza. Nyama yozizira imadulika bwino chifukwa mafuta ake amakhala olimba. Yofunda imapakika m'mabowo ngati majarini.

Kugaya kumasakaniza tizilombo ta pamwamba pa nyama ndi nyama yonse. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti chakudya chipse kufika pa 70°C, ndipo limachenjeza kuti tizilombo timaswana msanga pakati pa 5°C ndi 60°C. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala kuno ku Lilongwe, makamaka magetsi akazima, nyama yogaya iphikidwe nthawi yomweyo.

Mukamaliza, ponyani kachidutswa ka buledi kuti katulutse nyama yotsalira m'kati. Masulani ziwalo zonse, tsukani ndi madzi otentha ndi sopo, chotsani za m'mabowo ndi kaburashi, yanikani padzuwa, kenako pakani timafuta tophikira kuti zisachite dzimbiri. Makina osavuta kumasula ndi omwe amatsukidwa, choncho pogula yang'anani zimenezi. Kwa ife palinso nkhani ya halaal. Makina obwereka kapena ogula pa kaunjika sitidziwa zomwe anagayapo, ndipo mabowo ndi mizera ija imabisa zotsalira. Ndi bwino banja kapena mzikiti ukhale ndi akeake.

Pempho langa kwa akuluakulu a komiti ndi lakuti muganizire za makina amodzi a saizi 32, omangidwa patebulo lolimba, okhala ndi mapuleti awiri, khosi lotetezera zala ndi kamtengo kokankhira. Angathandize amayi pa Ramadhani ndi pa Idi, magetsi alipo kaya palibe, ndipo masiku ena angabwere m'kalasi kuti ophunzira aone moment ndi maso awo.

Ntchito ya ophunzira

1. Sikuluwu ikufuna 12 Nm. Pezani mphamvu ya dzanja pa handulo ya masentimita 24, kenako pa ya masentimita 30.

2. Giya ya mano 20 ili ku handulo, ya mano 46 ili ku sikuluwu. Kodi handulo izungulire kangati kuti sikuluwu izungulire ka 10?

3. Fotokozani chifukwa chake kutalikitsa handulo sikuchepetsa ntchito yonse yogaya kilogalamu imodzi ya nyama.

4. Pemphani chilolezo kwa makolo, masulani makina a kwanu kapena a achibale, jambulani ziwalo zake, ndipo lembani chinthu chimodzi chimene mungasinthe pamodzi ndi chimene mungataye pochisintha.

Mayankho abwere kwa aphunzitsi a Fizikisi lisanafike Lachisanu la sabata yamawa. Zojambula zabwino tidzaziika m'kalata yotsatira, insha Allah. Mnyamata wa kwathu uja, titanola mpeni n'kuuveka bwino, anagaya nyama yonse amayi asanamalize kukanda ufa wa samusa.