PHUNZIRO 14: KUPAKA ANA UTOTO KUMASO PA TSIKU LA SEWERO

Pa 1 Juni chaka chilichonse timakumbukira Tsiku la Ana. Pa tsikuli ana a sukulu amaimba, amavina, amachitanso masewero a nthano. Wina amakhala Kalulu, wina Fisi, wina Nyalugwe. Kuti oonera azindikire msanga kuti uyu ndi ndani, timawapaka ana utoto kumaso.

Ntchito imeneyi siivuta ndipo siifuna ndalama. Koma khungu la mwana ndi lofewa, ndipo maso ake sachedwa kupweteka. Chifukwa chake tiyenera kudziwa bwino chimene tikumupaka.

Zinthu zimene sitipaka mwana

Penti wa nyumba kapena wa njinga sitipaka mwana. Mapenti ena ali ndi mtovu. Mtovu ukalowa m'thupi kudzera m'kamwa umaononga ubongo, ndipo mwana amavutika kuphunzira.

Zakuda za m'kati mwa batire la wailesi kapena la tochi sitipaka mwana. Zili ndi mankhwala otentha khungu.

Laimu wopakira zipupa ndi phulusa lonyowa ndi zoyera, koma zimadya khungu.

Utomoni wa nkhadze ndi woopsa koposa. Dontho limodzi likalowa m'diso, mwana amamva ululu waukulu, ndipo diso likhoza kuonongeka. Zikachitika, titsuke disolo ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 20, kenaka tithamangire kuchipatala.

Zinthu zimene tingagwiritse ntchito

Utoto wabwino uli pakhomo pathu pomwe. Abale athu a ku Nampula ndi ku Cabo Delgado akudziwa zimenezi kuyambira kale. Amayi a kumeneko amanola mtengo wa mussiro pamwala ndi madzi pang'ono, nadzola zoyerazo kumaso. Ifenso tili ndi zathu.

Choyera: ufa woyera wosefa bwino, kapena dothi loyera la kudambo.

Chakuda: makala a nkhuni osinja mosalala.

Chofiira: dothi la katondo, kapena madzi a chidede chowiritsa.

Dothi tilisefe, tiliwiritse m'madzi, kenaka tilisiye lizizire. Kuwiritsa kumapha tizilombo tambiri toyambitsa matenda. Tisatape dothi pafupi ndi khola kapena chimbudzi.

Tikagula utoto kusitolo, tiwerenge zolembedwa pa chitini. Mau oti *tinta facial* atanthauza utoto wa kumaso. Mau oti *validade* asonyeza tsiku limene utotowo uthera ntchito. Ngati tsikulo lapita, tisagule.

Kakonzedwe ka utoto

Titenge masupuni 2 a ufa woyera ndi kapu imodzi ya madzi. Tiphike ngati phala la mwana wakhanda, lopanda mibulu. Likazizira, tithiremo madontho 5 a mafuta ophikira. Mafutawa amathandiza kuti utoto usang'ambike ukauma.

Phalalo tiligawe m'timbale 3. M'kambale koyamba tionjezemo dothi loyera kapena ufa wina. M'kachiwiri tithiremo makala. M'kachitatu tithiremo katondo. Titakase mpaka utoto ugwire pachala osayenderera.

Utoto umenewu sugona, chifukwa umasasa ngati phala lina lililonse. Wotsala titaye.

Kuyesa kusanafike tsiku

Ana sali chimodzimodzi. Chimene sichivuta mwana wina chikhoza kuyabwa mnzake. Motero kutatsala tsiku limodzi tikonze utoto pang'ono, tipake kadontho pamkono pa mwana aliyense, m'kati mwa chigongono. Tidikire mpaka m'mawa. Pakatuluka tiziphuphu, pakatupa kapena pakayabwa, mwana ameneyo tisamupake. Timusokere makutu ndi mchira, achite nawo sewero ali choncho.

Mwana wa zilonda, wa chipere, wa mphere kapena wa maso ofiira tisamupakenso. Matenda amenewa amayenda kudzera m'zala ndi m'zopakira. Khanda ndi mwana wosakwana zaka 3 tiwasiye, pakuti amatikita maso ndi kunyambita chilichonse.

Zopakira

Mwana aliyense akhale ndi zopakira zake. Kansalu koyera kochapa ndi kopakira malo aakulu. Kamtengo kokulunga thonje kunsonga ndi kolembera mizere ndi madontho. Kamtengoko kasakhale kosongoka. Wopaka asambe m'manja ndi sopo asanagwire mwana wina.

Kapakidwe

Mwana asambe kumaso ndi kupukuta. Juni ndi mwezi wozizira ndipo khungu limauma, choncho timudzoze mafuta pang'ono. Akhale pampando pamalo owala. Dzanja limodzi tigwire chibwano chake, linalo tipakire.

Tiyambe ndi choyera. Makala saoneka bwino pakhungu lakuda, koma pamwamba pa choyera amaoneka ngakhale kwa munthu wokhala kumbuyo kwa bwalo. Choyeracho chikhale chopyapyala. Tidikire chiume tisanalembe chakuda, kuti mitundu isasakanizike.

Kuzungulira diso tisiye mpata wa chala chimodzi. Pamilomo sitipaka. Tikafika pamphumi, mwana atsinzine.

Kalulu: choyera kuzungulira pakamwa, kadontho kofiira pamphuno, mizere 3 ya ndevu patsaya lililonse. Makutu aatali tiwapange ndi makoko a chimanga, amene ali ambiri nyengo ino yokolola.

Nyalugwe: katondo wosakaniza ndi choyera nkhope yonse, kenaka mawanga akuda pamasaya ndi pamphumi.

Mbidzi: choyera nkhope yonse, kenaka mizere yakuda yotsika kuchokera pamphumi.

Nkhalamba: choyera pansidze ndi m'tsitsi, timizere 2 pamphumi. Timupatse ndodo.

Mizere ikhale yochepa koma yaikulu. Mwana satha kukhala chete nthawi yaitali, ndipo timizere tating'ono sitioneka patali. Mphindi 5 zikwanira pa mwana mmodzi. Mwana akakana kapena akayamba kulira, tisamukakamize.

Tikumbukirenso kuti sewero la ana si Gule Wamkulu. Gule ali ndi eni ake ndi malamulo ake. Ana tiwajambule nyama za m'nthano ndi anthu a m'mudzi, za kudambwe tizisiye.

Kuchotsa utoto

Sewero likatha, mwana asagone ndi utoto. Timusambitse ndi madzi ofunda ndi sopo, atatsinzina. Makala akakanirira, tipukute ndi kansalu kothira mafuta pang'ono. Tisakhule ndi mwala kapena chisononkho. Mwana akadandaula kuti pakuyabwa sewero lili m'kati, tisadikire kuti lithe. Timusambitse pomwepo.

Tiwerenge ndi kulemba

utoto, makala, katondo, mtovu, nkhadze, nkhope

u-to-to, ma-ka-la, ka-to-ndo, nkho-pe

Tiyankhe

1. Titchule zinthu 4 zimene sitipaka mwana kumaso.
2. Chifukwa chiyani timawiritsa dothi?
3. Chifukwa chiyani timayamba ndi choyera?
4. Mau oti *validade* atanthauza chiyani?

Tiwerengere

1. Kupaka mwana mmodzi kutenga mphindi 5. Ana alipo 12. Pafunika mphindi zingati?
2. Opaka akakhala 3, aliyense apaka ana angati?
3. Kapu imodzi ya madzi ifuna masupuni 2 a ufa. Makapu 4 afuna masupuni angati?

Tikambirane

Kodi kwathu kuno dothi loyera ndi katondo zimapezeka pati? Ndani akatape, ndani awiritse, ndani ayese pamikono ya ana? Tilembe maina pabolodi, ndipo mlungu wamawa aliyense abwere ndi kansalu kochapa ndi timitengo 2 ta thonje. Tidzayamba kuyesera pamanja pathu.