Ulendo wa pa Njinga M'dera la Mphesa

Kum'mawa kwa mzinda wa Cape Town, ku South Africa, kuli matauni awiri, Stellenbosch ndi Franschhoek, otalikirana pafupifupi makilomita 30. Alendo ambiri amakonda kuyenda mtunda umenewu pa njinga.

Akachoka ku Stellenbosch amakwera chitunda cha Helshoogte. Pamenepa wanzeru sapupuluma. Amapalasa pang'onopang'ono namamwa madzi kawirikawiri, popeza wothamanga amatopa asanafike pamwamba. Potsika amagwira mabuleki onse awiri chifukwa msewuwo ngokhotakhota.

Atatsika amalowa m'chigwa chodzaza ndi minda ya mphesa. Alimi ochokera ku France adafika m'chigwachi m'chaka cha 1688, n'chifukwa chake malowo adatchedwa Franschhoek. Mphesa zimathyoledwa makamaka m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, ndipo zambiri amapangira vinyo.

Kupitirira Franschhoek msewu umakweranso phiri lina, modzera mmene njovu zinkapita kale. Wofika pamwamba amaona chigwa chonse. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mafunso
1. Tchulani matauni awiri a m'nkhaniyi.
2. Chifukwa chiyani wapanjinga sayenera kuthamanga pokwera chitunda?
3. Kodi mphesa amapangira chiyani?