Mafunso ndi Mayankho: Mawu a Chingerezi Otchulira Anyamata ndi Atsikana

Funso: Kodi mawu akuti boy ndi girl ayenera munthu wa msinkhu wanji?

Yankho: Ngakhale kuti pakati pathu munthu wa ndevu zake, malinga akadali mbeta, angatchedwe mnyamata popanda wina kuonapo cholakwa, eni ake Chingerezi kawirikawiri amasungira mawu awiriwa ana amene sanakwanitse zaka 18, msinkhu umenenso malamulo aakulu a dziko la Malawi, chisinthireni mu 2017, adauika kukhala malire a ubwana. Akadutsa pamenepo, ndi young man kapena young woman.

Funso: Nanga n'chifukwa ninji akuluakulu ena amapsa mtima akamva boy?

Yankho: Pakuti liwu limeneli lili ndi chipsera. M'masiku a atsamunda, ku Nyasaland, ku Rhodesia ndi kumigodi ya ku Joni kumene makolo athu adapita pa Wenela, bambo wa imvi, mwini mbumba, amene kwawo anthu ankamugwadira popereka moni, ankaitanidwa houseboy akamaphika, garden boy akamalima maluwa, ndipo ngakhale atakwezedwa kukhala kapitawo wa anzake pansi pa mgodi, ulemu wake wonse unkathera pa boss boy. Anthu akuda a ku America adalawanso chowawa chomwechi. Chotero amene anena boy kwa mwamuna wamkulu, kapena girl kwa mayi wogwira ntchito m'nyumba, atosa bala lakale, angakhale iye mwini asadziwe.

Funso: Teenager ndi youth n'chimodzimodzi?

Yankho: Iyayi. Teenager ndi wa zaka 13 kufikira 19. Youth ndi wotambasuka: bungwe la United Nations limawerenga zaka 15 mpaka 24, pamene pangano la achinyamata la African Union la mu 2006 limafikitsa pa 35. Koma chenjerani, pakuti ku Britain a youth, kunena za mmodzi, kawirikawiri amamveka m'nkhani za apolisi.

Funso: Lad ndi lass tiwagwiritse ntchito?

Yankho: Mawu awiriwa ngachikondi, ndipo lass amamveka makamaka ku Scotland ndi kumpoto kwa England, koma ngapachibale, osayenera m'kalata yopempha ntchito. Young lady nayenso ngwaulemu, kungoti akatuluka pakamwa pa kholo lokwinya nkhope, mwana amadziwa kuti chidzudzulo chayandikira.

Funso: Pa envulopu tilembe chiyani?

Yankho: Master, amene kale ankalembedwa patsogolo pa dzina la kamnyamata, akutha, mnyamata wosinkhuka ndi Mr. Kwa buthu, Miss akwanira. Koma kwa namwali wamkulu amene simudziwa ngati ali pabanja, lembani Ms, amene adafala m'zaka za m'ma 1970, kapena, poti safunsa adadya phula, mufunseni mwini wake dzina laulemu limene alifuna.