Mafunso ndi Mayankho: Madzi ndi Maulendo a Makolo

Makalata a sabata ino achokera m'makomboni a Lusaka, ndipo ambiri akufunsa za kumene anthu akale anachokera ndi njira zimene anadzera.

Bambo a ku Matero akufuna kudziwa ngati anthu akale ankatha kuwoloka nyanja yamchere popanda sitima. Yankho ndi lakuti ankatha. Anthu anafika ku Australia zaka pafupifupi 50,000 zapitazo, ndipo ngakhale kuti nthawi imeneyo nyanja inali yotsika kuposa lero chifukwa madzi ambiri anali ataundana, panali malo ena otalika makilomita pafupifupi 90 amene munthu sakanadutsa wapansi. Chilumba cha Madagascar chili pa mtunda wa makilomita 400 kuchokera ku gombe la Mozambique, koma chinenero cha kumeneko n'chachibale ndi zinenero za ku Borneo, umboni wakuti amalinyero a kum'mawa anafikako pamadzi zaka zoposa 1,000 zapitazo.

Mayi a ku Chawama afunsa mmene Angoni anawolokera Zambezi. Zwangendaba ndi anthu ake anawoloka pafupi ndi Zumbo, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, mu November 1835, ndipo chakacho chimadziwika bwino chifukwa mbiri ya Angoni imakumbukira kadamsana amene anachitika pa nthawi yowolokayo. Mwezi umenewu ndi kumapeto kwa chilimwe, pamene mtsinje umakhala utaphwera.

Kalata yofunika kuikhalira pansi ndi ya mnyamata wa ku Kanyama, amene akuti pokumba dzenje la chimbudzi anapeza mapale a mbiya okhala ndi zolembalemba pamodzi ndi timikanda, ndipo anzake anamuuza kuti azitaye msanga poopa kuti n'zamankhwala. Mnyamatayu wachita bwino kulemba, koma ngati wataya kale zinthuzo walakwitsa, monga amalakwitsira ambiri amene amaswa miyala ndi kukumba zitsime m'makomboni. Zimene wapeza sizingadziwike zaka zake mpaka zitaonedwa ndi akatswiri ofukula zakale, amene ntchito yawo ndi kuwerenga mbiri kuchokera m'zinthu zokwiririka, komabe tiyenera kukumbukira kuti nthaka ya Lusaka si yachabe: pa Kapwirimbwe, kum'mawa kwa mzindawu, David Phillipson anafukula mudzi wa anthu osula zitsulo wa m'zaka za m'ma 400.

Mkanda ndi kanthu kakang'ono, koma umatha kusonyeza ulendo wautali. Mu 1960, anthu okumba maziko a thanki ya madzi pa Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umakumana ndi Zambezi, anapeza manda okhala ndi mikanda ya golide, mkuwa woumbidwa ngati mtanda, zigoba za nkhono za kunyanja yamchere ndi mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja. Mikanda yagalasiyo inafika kumeneko chifukwa cha mphepo imene Azungu amati monsoon, yomwe imaomba kuchokera kumpoto chakum'mawa kuyambira cha mu November mpaka March, kenako n'kutembenuka kuyambira cha mu April. Amalonda a ku Arabia ndi India ankabwera ndi mphepo yoyambayo m'zombo zamatanga mpaka ku madoko ngati Kilwa, n'kubwerera kwawo ndi mphepo yachiwiri, monga momwe asodzi a pa nyanja ya Malawi amayendera podziwa nyengo ya mwera ndi ya mpoto. Kuchokera ku gombe, katundu ankakwera ndi Zambezi m'mabwato mpaka ku Sena ndi Tete, ndipo kumtunda kwa Tete mathithi a Cahora Bassa ankakakamiza anthu kutsitsa katundu n'kumusenza pamutu. Mathithi omwewo ndi amene anabweza David Livingstone ndi sitima yake mu 1858, iye n'kutembenukira ku mtsinje wa Shire.

Amaravi, makolo a Achewa, amene mbiri yawo imati anachokera ku Uluwa m'dziko la Congo, nawonso anamanga likulu la Kalonga pa Mankhamba, kufupi ndi gombe la kumwera chakumadzulo kwa nyanja ya Malawi, ndipo Yusuf Juwayeyi atafukula malowo anapezapo mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Zonsezi zinadziwika chifukwa zinthuzo zinaonedwa pamalo pomwe zinagona. Phale likachotsedwa m'dothi lake n'kuponyedwa kudzala, kapena mkanda ukagulitsidwa kwa wodutsa, zambiri zimene zikananena za zaka zake zimatayika, ndipo palibe angazibweze. Ngakhale chigaza chotchuka cha ku Kabwe, chimene anthu a mumgodi anapeza mu 1921 ndipo chimasungidwa ku London, chinavutitsa akatswiri kwa zaka zambiri kuti adziwe zaka zake chifukwa phanga lake linakumbidwa lonse ndi mgodi. Choncho wopeza zoterezi aleke kukumba, ajambule ndi foni zinthuzo zili pomwepo, aletse ana kuseweretsa, ndipo adziwitse a National Heritage Conservation Commission kapena a Lusaka National Museum.

Agogo a ku Mtendere afunsa chifukwa chake Lusaka ali kutali ndi mtsinje waukulu ngati anthu akale ankatsata madzi. Mzindawu sunabadwe ndi bwato koma ndi njanji, imene inafika pa mudzi wa mfumu Lusaaka mu 1905, ndipo atsamunda anasamutsira likulu kuno kuchokera ku Livingstone mu 1935.