Phunziro: Mlendo ku Ethiopia Adziwe Kudya, Kutchula Dzina ndi Kuwerenga Nthawi

Wophunzira wanga, lero tikambirane za dziko la Ethiopia. Amalawi ambiri opita kunja amasinthira ndege pabwalo la Bole mumzinda wa Addis Ababa, koma ndi ochepa amene amatuluka m'bwalomo kukaona mmene eni dziko amakhalira. Iwe ukadzapeza mwayi, udzatuluke. Tiyamba ndi zosavuta, kenako tifika pa zofuna pensulo ndi pepala.

Chosavuta ndi chakudya. Kumeneko amadya injera, mkate wopyapyala, wofewa, wowawasa pang'ono, wophikidwa ndi ufa wa teff. Teff ndi mbewu ya timaso ting'onoting'ono kuposa mawere. Injera amaiyala m'mbale yaikulu, n'kuthira ndiwo pamwamba pake, onse n'kudyera m'mbale imodziyo. Umang'amba kachidutswa ndi dzanja lamanja n'kutapira ndiwo. Ndabwereza dala: dzanja lamanja.

Uli mkati modya, mwini nyumba angakulunge ndiwo m'kachidutswa ka injera n'kukuikira m'kamwa ndi dzanja lake. Mwambowu umatchedwa gursha, ndiko kudyetsana posonyeza chikondi ndi ulemu. Kwathu wodyetsedwa chotere ndi khanda kapena wodwala, n'chifukwa chake mlendo amadzidzimuka. Usakane. Yasama, ulandire.

Ukapeza kuti Lachitatu ndi Lachisanu malo ambiri odyera akuphika nyemba ndi masamba okhaokha, usaganize kuti ndi umphawi. Akhristu a mpingo wa Orthodox Tewahedo amasala nyama, mazira, mkaka ndi batala masiku amenewa, ndipo Pasaka asanafike amasala masiku 55. Mukatha kudya, mayi wa m'nyumba amakazinga khofi pamakala alendo akuona, amamusinja, n'kumuwiritsa mu jebena, mtsuko wadothi wa khosi lalitali. Khofiyo amamwedwa maulendo atatu, ndipo wonyamuka atangomwa kapu yoyamba amaoneka wopanda mwambo.

Tsopano tikwere pang'ono, tione za mayina. Anthu a ku Ethiopia alibe dzina la banja lopatsirana mibadwomibadwo. Mwana amapatsidwa dzina lake, ndipo pambuyo pake amaikapo dzina loyamba la bambo wake. Taona Abiy Ahmed, amene anakhala nduna yaikulu mu 2018. Abiy ndiye mwini wake, Ahmed ndi bambo wake. Choncho munthu umamuitana ndi dzina loyamba, n'kutsogoza Ato ngati ndi bambo, kapena Woizero ngati ndi mayi. Ukamuitana ndi lachiwiri, waitana atate ake. Mkazinso akakwatiwa sasintha dzina.

Tafika pa nthawi, ndipo apa tchera khutu. Ife timayamba kuwerenga maola pakati pa usiku. Iwo amayamba m'bandakucha. Nthawi imene ife timati 7 koloko m'mawa, iwo amati ola loyamba la usana, chifukwa papita ola limodzi chitulukire dzuwa. Masana enieni, dzuwa lili paliwombo, kwa iwo ndi ola la 6. Dzuwa likalowa amayambanso kuwerenga maola 12 a usiku. Dzikoli lili pafupi ndi ikweta, mzere woganizira wogawa dziko lapansi pakati, kotero dzuwa limatuluka pafupifupi nthawi yofanana chaka chonse. Anansi athu olankhula Chiswahili ku Tanzania amawerenganso chomwecho. Ine ndimaona kuti njira iyi ndi yanzeru kuposa yathu, imene imayamba tsiku anthu onse ali mtulo.

Lamulo lake ndi ili: kusiyana kwake ndi maola 6. Akakuuza kuti basi inyamuka ola la 12 m'mawa, ndiye kuti 6 koloko m'mawa. Wodikira 12 koloko masana adzapeza basi itapita kalekale.

Chovuta kwambiri ndasungira kumapeto, ndicho kalendala. Chaka cha ku Ethiopia chili ndi miyezi 13. Miyezi 12 ili ndi masiku 30 uliwonse, zomwe zikupanga masiku 360. Masiku 5 otsalawo amapanga kamwezi kotchedwa Pagume, ndipo chaka chachinayi chilichonse kamakhala ndi masiku 6. Chaka chatsopano, Enkutatash, chimayamba pa 11 Seputembala, kapena pa 12 ngati Pagume anali ndi masiku 6. Khirisimasi yawo, Genna, imachitika pa 7 Januwale.

Ngakhale nambala ya chaka si yofanana ndi yathu. Mpingo wa ku Ethiopia unawerengera mosiyana ndi mpingo wa ku Roma chaka chimene Yesu anabadwa, ndipo sunatsatire kalendala imene Papa Gregory XIII anakonza mu 1582. N'chifukwa chake iwo anakondwerera kulowa kwa chaka cha 2000 pa 12 Seputembala 2007. Usati atsalira m'mbuyo. Angoyambira kuwerenga pena. Nanga kalendalayi anaisunga bwanji mpaka lero? Chikhristu chinafika kumeneko m'zaka za m'ma 300, mu ulamuliro wa Mfumu Ezana ya ku Aksum. Mu 1896 Mfumu Menelik II inagonjetsa asilikali a Italy pa nkhondo ya ku Adwa, ndipo ngakhale Italy inadzalanda dzikolo mu 1936, inachotsedwa mu 1941. Panalibe mtsamunda amene anakhala nthawi yokwanira kuti awasinthire kalendala.

Lamulo lachiwiri ndi ili. Kuyambira tsiku la Enkutatash mpaka pa 31 Disembala, chotsa 7 pa chaka chathu kuti upeze chawo. Kuyambira pa 1 Januwale mpaka Enkutatash wotsatira, chotsa 8.

Tenga pensulo tsopano. Mwana wabadwa ku Addis Ababa pa 20 Malichi 2015, nthawi ili 9 koloko m'mawa monga mwa kuwerenga kwathu. Kodi makolo ake anena kuti wabadwa chaka chanji, ola lanji? Lemba yankho lako, ubwere nalo mawa tidzaonere limodzi.